Chipinda cha Apongozi ku Florida

Kalata ija inafika Lachiwiri masana, ine ndikuchokera kuntchito kuchipatala. Inali ya buluu, zija zopinda zokha zimene tinkalandira kuchokera kumudzi, koma pamwamba pake panalembedwa dzina langa m'malo mwa la amuna anga. Ndinachita mantha ndisanatsegule n'komwe, chifukwa alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, chikwatiwireni ine anali asanandilemberepo kalata yangayanga. Ndinaiwerengera m'chikepe cha nyumba yosanja imene tinkakhala ku Etobicoke, mumzinda wa Toronto, chipale chofewa chikusungunuka pa nsapato. Apongozi anga aakazi anali atatisiya. Anadwala masiku anayi okha, ndipo za maliro zonse zinali zitatha kalekale, popeza kalatayo inayenda milungu itatu. Kumapeto alamu analemba kuti, "Achimwene mukuwadziwa mmene alili. Chonde musawauze nokha, pezani akuluakulu."

Ndinkawadziwadi mmene analili. Amuna anga anabwera ku Canada kudzaphunzira, ine n'kuwatsatira, ndipo maganizo athu anali oti akamaliza tibwerere kwathu. Koma m'zaka zija za m'ma 1970 kwathu kunavuta. Anzawo awiri amene ankalemberana nawo makalata anatengedwa ndi apolisi, ndipo uthenga unatipeza kudzera mwa munthu woti asayerekeze kupondako. Ndiye bambo awo atamwalira, zaka ziwiri kalata iyi isanabwere, sanapite kumaliro. Telegalamu inawapeza ali okha kuofesi ku Mississauga, pafupi ndi Toronto, kumene ankajambula mapulani a misewu. Anabwera kunyumba, anakhala pampando woyang'ana pazenera, ndipo anatha miyezi itatu osalankhula. Sanalire. Ntchito inatha, ndevu ndinkawameta ndine, supuni ndinkachita kuwagwiritsa m'manja. Ine ndine namwino, ndinaonapo anthu akuutaya moyo thupi lili bwinobwino. M'miyezi ija ndinkaweruka ndikuthamanga, ndipo ndisanalowe ndinkayamba ndayang'ana pansi pa zenera lathu, chifukwa tinkakhala m'mwamba kwambiri. Patapita nthawi anadzuka, anapezanso ntchito, koma ine mantha sanandichoke.

Kwathu uthenga wa imfa sungoponyedwa. Amabwera anthu awiri kapena atatu achikulire, n'kukhala pansi, n'kuyamba kufunsa za moyo, ndipo mwini uthenga amazindikira yekha asanauzidwe. Akamagwa pamakhala omugwira. Ku Toronto nthawi imeneyo Amalawi tinali ochepa kwambiri, ndipo amene tonse tinkathamangirako anali bambo ena a ku Zomba, mkulu wa mpingo, amene ankakhala ku Mississauga. Ndinawaimbira foni tsiku lomwelo amuna anga asanaweruke. Anayankha ndi akazi awo. Anati bambo apita kukaona mwana wawo kumadzulo kwa dziko, abwera Lachitatu la sabata yamawa.

"Mudikire, mwana wanga," anatero mayiwo. "Uthenga wotere mkazi sauza mwamuna wake ali awiriwiri m'khitchini. Akakomoka mutani? Nanga kumudzi adzati chiyani? Sabata imodzi si chaka."

Ndinawauza kuti Lachisanu tikunyamuka kupita ku Florida. Iwo anati ndiye zakhala bwino, akapitidwe kaye mphepo, akabwere ali ndi mphamvu. Chimene tinkapitira sindinawauze, ndipo mpaka pano sindidziwa chinandigwira pakamwa n'chiyani.

Nkhani ya Florida inayamba ndi kapepala kamene kanabwera Khirisimasi isanafike, kotiitanira ku chakudya chaulere pa hotela ina pafupi ndi bwalo la ndege. Ine ndi amene ndinati tipite tikadye nkhuku yawoyo, kuphika ndatopa nako. Titadya anazimitsa magetsi n'kuyamba kuonetsa zithunzi pakhoma: tinyumba toyera, udzu wobiriwira, nkhalamba zachizungu zitavala makabudula mu Januwale. Kampaniyo inkagulitsa nyumba zoti anthu a ku Canada azithawirako nyengo yozizira. Ine ndinkaodzera. Kenaka panabwera chithunzi cha nyumba ina, kuseli kwake kuli mtengo wa papaya, ndipo amuna anga anandigwira mkono mpaka kundipweteka.

"Mayi, taonani," anandinong'oneza. "Amayi atha kukhala pamenepo."

Apongozi anali ndi nyamakazi, ndipo nthawi zonse tikawaitana ankayankha kuti kudziko kumene madzi amauma gwa iwo sangakafikeko. Mwana wawo sangapite kumudzi, iwo sangapirire chisanu, ndiye apa panapezeka malo ofunda oti mayi ndi mwana akakumanirepo. Kuyambira usiku wa nkhuku uja amuna anga anabwerera kukhala munthu amene ndinakwatiwa naye. Ankaimba kubafa. Ankafufuza za pasipoti ya amayi awo. Kampani ija itanena kuti imatenga anthu pandege kukaona nyumbazo kwa masiku atatu, chakudya ndi pogona zili kwa iwo, tinalembetsa pompo. Ine ndinasangalala kuposa eni ake, ndipo ndinkachita kuwakoleza moto kuti asafooke.

Ndiye kalata inafika Lachiwiri, ndege ili Lachisanu, akuluakulu Lachitatu linalo. Lachitatu loyambalo ndinati mutu ukundipweteka, mwina ulendowu tiusunthe. Anandiwiritsira tiyi wa mandimu, anandifunditsa bulangete lachiwiri, n'kupitiriza kusita malaya awo akuimba nyimbo ya kwaya. Lachinayi ndinanama kuti kuchipatala akana kundisinthira shifiti.

"Ndiwaimbire ndekha mabwana anuwo," anatero. "Tikakansela pano adzatiika kumapeto kwa listi, mpaka chaka chamawa. Amayi akukalamba, mayi. Si oti tizingowadikiritsa."

Ndinati basi, asavutike, zitheka. Chifukwa changa chenicheni chinali m'chikwama cha m'manja, m'kathumba ka zipi, ndipo chikwamacho ndinkalowa nacho ngakhale kubafa.

Amene anatilandira ku Florida anali bambo wa kampaniyo, wamtali, nsapato zoyera, lamba woyera, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Iye ankaitana aliyense ndi dzina loyamba ngati anakulira limodzi, mpaka amuna anga, amene ngakhale ine sindinawatchulepo dzina, ankangoyang'ana pansi akamaitanidwa. Poyamba sanatilabadire kwenikweni. M'basi yonse ija, yodzaza ndi agogo a ku Brampton ndi madera ena a ku Canada atanyamula makhoti pamiyendo, akuda tinali ife awiri, ndipo ndikuganiza kuti anatiyesa odzadya zaulere. Koma pa chakudya chamasana anafunsa banja lililonse chimene likufuna. Ena anati dzuwa, ena anati kuwedza nsomba. Amuna anga anaimirira ngati ali m'tchalitchi, n'kufotokoza kuti ali ndi amayi awo ku Africa amene sanawaone zaka zisanu ndi zinayi, kuti akufuna nyumba yopanda masitepe, yofunda, yoti akhale nawo ngakhale miyezi itatu pachaka. Mayi wina wa tsitsi la mbuu anapukuta misozi ndi kansalu. Bambo wa nsapato zoyera uja anaika foloko pansi, ndipo kuyambira pamenepo sanatisiyenso.

Munthu ameneyu ndinamuda. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawira, ngakhale ndikudziwa kuti ankangogwira ntchito yake ndi zimene tinamupatsa tokha. Apongozi anga anawasandutsa ake. Tikalowa m'nyumba iliyonse ankati Mama adzakonda khonde ili, Mama sadzavutika ndi bafa ili, apa Mama azidzamwera tiyi m'mawa. Munthu woti wagona m'manda ku Dowa mwezi wathunthu, ankayendetsedwa nyumba ndi nyumba ndi mlendo amene sankadziwa ngakhale dzina lake. Nthawi iliyonse akati Mama, ine ndinkakumbatira chikwama changa.

Loweruka lonse linathera m'nyumba zachitsanzo. Zinali zinayi kapena zisanu, zondondozana mumsewu umodzi, zoyalidwa bwino, zipatso za pulasitiki zili patebulo. Kupitirira pamenepo kunali mchenga wokhawokha, misewu yopanda nyumba ndi timitengo tokhomedwa tokhala ndi manambala. Anzathu a m'basi ankangosuzumira n'kutuluka, kufunsa za dziwe losambira. Amuna anga anali atabwera ndi tepi yoyezera ya kuntchito kwawo. Ankayeza zitseko. Ankayeza kutalika kwa sitepe ya pakhomo, n'kulemba m'kabuku. Anafunsa ngati munthu angasonkhe moto panja, chifukwa amayi sangazolowere chitofu chamagetsi, ndipo bambo uja anati adzaona chochita. Anafunsa za nkhuku, anawayankha kuti malamulo a pamalopo salola, iwo n'kuseka kuti amayi adzakangana nawo okha eni malamulowo. Kuseli kwa nyumba yomaliza anagwada, suti ili m'thupi, n'kutapa dothi. Unali mchenga weniweni, wosagwirana n'komwe, koma anati manyowa adzakonza, nkhwani ndi mpiru sizivuta.

Nyumba yomalizayo ndi imene anaikonda. Inali ndi chipinda chaching'ono chakum'mawa, zenera lake lalikulu. Anaima pakati pa chipindacho n'kuyamba kuloza. Bedi apa, koma lalifupi, chifukwa amayi lalitali amaopa kugwa. Mphasa apa, chifukwa masana sangagone pabedi. Msomali apa wopachika mpango. Nkhope yawo inali ikuwala, ndipo ine ndinaima pakhomo. Ndinaganiza zonena pomwepo. Koma ndinaona basi ili panja, anthu achilendo makumi atatu, dziko la eni, popanda ngakhale mmodzi wodziwa kugwira munthu wofedwa. Akakhala chete kuno, ndidzawakweza bwanji ndege? Mawu a alamu ndi a mayi a ku Mississauga aja ankangozungulira m'mutu. Masiku anayi okha, ndinadziuza. Koma ndinkadziwanso kuti Lamlungu m'mawa, tisanapite ku bwalo la ndege, banja lililonse lidzalowa mu ofesi kukasaina, ndipo ndalama zimene tinasunga zaka zonse zija zidzapita pa chipinda cha munthu wakufa.

Ndiye ndinasankha njira yopusa imene inandibwerera. Ndinayamba kunyoza nyumbayo. Ndinati makoma ndi opyapyala, ndinagogoda kuti amve. Ndinati kuno kuli udzudzu, ndinati chipatala chili kutali, ndinati ndaona mphemvu kukhitchini, chonsecho sindinaione. Ndinati azungu a kuno sindikuwakhulupirira, taonani mmene mayi wa pahotela anatiyang'anira. Zina mwa izi zinali zoona, koma ndinkazinena ndi liwu la mkazi wolongolola, liwu limene sindinalankhulirepo amuna anga pa anthu. Bambo wa nsapato zoyera sankamva Chichewa, koma nkhope ankaziwerenga. Anamwetulira n'kunena kuti azimayi ambiri amachita mantha poyamba, makamaka ikakhala nkhani yokhala ndi apongozi, ndipo anatuluka kuti tikambirane.

Amuna anga anapinda tepi yawo pang'onopang'ono.

"Mayi, tandiuzani zoona," anatero. "Vuto ndi nyumbayi kapena ndi amayi anga?"

Ndinati nyumba.

"Ayi. Chiyambire Lachitatu mukungozemba. Mutu, shifiti, lero mphemvu. Ku Toronto munkavomera chifukwa munkayesa maloto. Pano mwaona kuti zitheka, mwayamba kubwerera m'mbuyo." Anapuma kaye. "Anthu ankandiuza kuti mkazi akaphunzira, akazolowera kuno, abale a mwamuna amawaona ngati katundu. Ine ndinkakutetezani. Amayi aja anakulandirani ngati mwana wawo. Anakulakwirani chiyani?"

Mawu amenewa anandilasa, chifukwa apongozi anga ndinkawakonda. Ndi iwo amene anandisamalira pamene mimba yanga yoyamba inapita padera, amayi anga ondibereka ali kutali. Chilandirireni kalata ndinali ndisanawalire ngakhale kamodzi, poopa kuti maso angandiulule. Ndipo apa ndinali kuimbidwa mlandu wowada, m'chipinda chawo, ine osatha kudziteteza. Ndinangoti pepani bambo, kwanditenthera. Anatuluka osandiyang'ana.

Pobwerera basi inaima pa sitolo ina yogulitsa malalanje ndi tinthu ta alendo. Ine ndinatsala m'basi. Iwo anatsika, ndipo pobwera anali ndi khadi la chithunzi cha mitengo ya malalanje. Anakhala pambali panga, analiika pabondo n'kuyamba kulemba ndi zilembo zikuluzikulu, kuti mwana wa alamu akathe kuwawerengera bwino. Ndinkaona mawu aliwonse akutuluka. Amayi, ndakupezerani nyumba. Kuno kukutentha ngati kwathu mwezi wa Okutobala. Konzekani. Atamaliza anandipatsa cholembera.

"Ndinalankhula mopsa mtima, sole," anatero. "Ngati mulibe nawo chifukwa, ikani moni wanu pansipa. Asangalala akaona dzanja lanu."

Ndinalemba. Mulungu andikhululukire, ndinalemba kuti moni amayi, tikukudikirani, n'kuika dzina langa. Anamwetulira, anandigwira dzanja, ndipo anati ndisunge khadilo m'chikwama changa tikaponye mawa. Ndinaliika m'kathumba komweko ka zipi, chifukwa kwina kunalibe malo.

Lamlungu m'mawa, iwo akumeta ndevu, ndinati ndikukafuna mankhwala a mutu, ndipo ndinathamangira pa foni ya panja pa hotela. Ndinaimbira ku Mississauga. Ndinkapemphera kuti mwina bambo aja abwera msanga, kuti alankhule nawo ngakhale pa foni pomwepo. Anayankhanso mayi aja, akukonzekera za kutchalitchi. Ulendo uno ndinawauza zonse, za nyumba, za chipinda, za kusaina.

"Ayi, mwana wanga, pa foni ndiye ayi," anatero. "Limbani mtima. Muwauze kuti mukaganize kaye, mukasaine bwino lino. Lachitatu si kale."

"Mayi, akuti ndimadana ndi amayi awo!" ndinakuwa. "Dzulo andilembetsa kalata yopita kwa maliro!"

Mayi aja anati andipempherera. Ndinaika foni mwamphamvu mpaka munthu amene ankadikira kumbuyo kwanga anadzidzimuka. Ndinawakwiyira mayi aja, ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira ngakhale mwambo umene unapangidwira mudzi wokhala ndi akuluakulu khomo lililonse, osati anthu awiri otayika pa hotela ya m'mbali mwa msewu. Koma kukwiya sikunandipatse munthu woti akhale nane pansi.

Ofesi ya kampani inali ndi tizipinda tambiri ta makoma a matabwa, ndipo banja lililonse linalowetsedwa m'kake. Mwathu munali tebulo, mipando itatu ndi makina oziziritsa amene ankalira kwambiri. Bambo wa nsapato zoyera anayala mapepala. Ndinayesa zimene anandiuza mayi aja, ndinati tikufuna tikaganize kaye kunyumba. Anayankha kuti mtengo umenewu ndi wa lero lokha, kwa obwera pa ulendowu basi, ndipo nyumba yokhala ndi chipinda chakum'mawa yatsala imodzi, pali banja lina m'chipinda chinacho limene likuifunanso. Anatembenukira kwa amuna anga n'kunena kuti Mama adikira zaka zisanu ndi zinayi, kodi adikirenso? Amuna anga anandiyang'ana, maso akupempha. Kenaka anatenga cholembera.

Ndinamupempha bambo uja m'Chingelezi kuti atipatse mphindi zochepa tili awiri. Anati palibe vuto, tilankhule chilankhulo chathu, iye angokhala phee. Sanasunthe. Ndikuganiza kuti anaphunzitsidwa kusasiya mwamuna ndi mkazi okha cholembera chili m'manja.

Sindinadziwe poyambira. Mawu onse amene ndinakonza masiku asanu aja anathawa. Thupi lokha ndi limene linakumbukira mmene zimachitikira kwathu. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa chitenje chimene ndimayenda nacho paulendo uliwonse, ndinaimirira n'kuchimanga pamwamba pa diresi. Ndinavula nsapato. Kenaka ndinasiya mpando n'kukhala pansi pa kapeti, pafupi ndi mapazi awo, miyendo nditatambasula, manja pamiyendo, mutu woweramitsa.

Bambo uja anafunsa ngati ndadwala, ngati abweretse madzi. Ndinamva cholembera chikuikidwa patebulo.

"Ndani?" anafunsa amuna anga, liwu lili pansi.

"Amayi, bambo."

"Akudwala?"

"Anatisiya."

"Liti?"

"Mwezi watha. Anadwala masiku anayi. Alamu alemba kuti sanavutike, ndipo anagona pafupi ndi abambo."

"Inu mwadziwa liti?"

"Lachiwiri."

Ndinatulutsa kalata ija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Khadi la malalanje linatuluka nayo limodzi n'kugwera pa kapeti, ndipo tonse tinaliona. Anawerenga kalatayo mpaka kumapeto, n'kubwerezanso. Ine ndinkangoyang'ana nsapato zawo, ndikudikira chete uja wa miyezi itatu. Ndinkamudziwa mmene amayambira, ndipo mumtima ndinkangoti Ambuye ayi, kuno ayi.

Amuna anga anatembenukira kwa bambo uja n'kumuuza m'Chingelezi chaulemu kuti amayi sabweranso, amwalira, pepani takutayitsani nthawi. Bamboyo anafiira nkhope yonse. Anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu sipanatuluke kanthu. Anasonkhanitsa mapepala ake n'kutuluka, chitseko n'kutseka bwinobwino.

Amuna anga anatsika pampando n'kukhala pansi, msana utatsamira tebulo. Anatola khadi lija.

"Dzulo munandisiya ndilembe," anatero. "Munasainanso pansi pake."

"Anandiuza kuti ndidikire akuluakulu, bambo. Ndinkaopa. Ndinkaopa kuti mukhalanso ngati nthawi ija."

"Masiku atatu ndikuyeza zitseko. Ndikuuza azungu za amayi anga. Inu mukuona."

Anayang'ana khadilo nthawi yaitali, kenaka anaitana amayi awo. Sanaitane monong'ona. Anakuwa, liwu lonse, mmene mwana amaitanira mayi ake kumunda, ndipo analira mokweza, mapewa akugwedezeka, akumenya kapeti ndi chikhatho. Ine amene ndinadzigwira kuyambira Lachiwiri ndinamasuka, ndinalira apongozi anga mwa kwathu, ndikutchula zonse zimene anandichitira. M'tizipinda tina monse munati zii. Makoma aja analidi opyapyala, ndipo ndikudziwa kuti agogo onse a m'basi anamva maliro a ku Dowa m'mawa umenewo. Ndinene zoona, pakati pa kulira kwangako munali kuthokoza. Ndinkamva liwu la amuna anga likudzaza ofesi ya eni, ndipo ndinkati lirani bambo, lirani, musasiye.

Palibe anatithamangitsa. Nthawi ya basi itakwana, mayi wa tsitsi la mbuu uja ndi amene anagogoda, atanyamula nsapato zake m'manja, sindikudziwa anaganiza chiyani, n'kutiuza motsitsa kuti anthu akudikira koma tisafulumire. M'ndege amuna anga analankhula njira yonse, osati ndi ine kwenikweni, koma ankalankhula. Anakamba za mmene amayi awo ankayendera wapansi kukawasiyira chimanga chokazinga kusukulu yogonera konko, ndi mmene anakanira kulira pa tsiku lowaperekeza pobwera ku Canada. Tinafika ku Toronto kuli mphepo yoluma, makhoti athu akununkha fungo la m'chikwama.

Lachitatu bambo a ku Zomba aja anabwera ndi akazi awo, ndi mabanja ena awiri, limodzi la ku Zambia. Tinasuntha mipando, azimayi tinakhala pansi, tinaimba ndi kupemphera monga mwa mwambo. Kukhitchini mayi aja anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndinafulumira, zikanatha kuipa. Ndinangoti zikomo mayi, n'kupitiriza kutsuka makapu, chifukwa ndikanatsegula pakamwa tikanayambana pamaliro.

Chimene ndinkaopa sichinachitike. Amuna anga analira sabata yonse, ankadya pang'ono, koma ankayankha ndikawalankhula, ndipo Lolemba linalo anavala tayi kubwerera kuntchito. Atafika pakhomo anaima, anatembenuka n'kutambasula dzanja.

"Mayi, kiyi wa bokosi la makalata."

Ndinamuchotsa pa makiyi anga n'kuwapatsa. Tinakhala limodzi zaka zina zoposa makumi atatu, mwamtendere, ndipo za Florida sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi. Koma kiyi uja sanandibwezere.